Mchombo wa mwana wobadwira kunja: kambiranani matenda asanayambe

Munali mu June, usiku wa chisanu cha kuno ku Ntcheu chija cholowa mpaka m'mafupa, pamene foni yanga inalira cha m'ma 11 koloko. Anali mwana wa achemwali anga amene amagwira ntchito ku Johannesburg. Mkazi wake anali atachira madzulo ake, mwana wamwamuna, onse awiri ali bwino. Ndisanamalize n'komwe kuthokoza Mulungu, mnyamatayo anatsitsa mawu.

"Amayi aang'ono, agogo aimba kawiri. Akufunsa kuti zotsalira zija taziika kuti. Ndiwayankha chiyani ine? Anamwino anaika m'chidebe n'kutuluka nazo, ine maso anali pa mwana."

Ndinamuuza kuti agone, agogowo ndikaonana nawo ndekha. M'mawa ndinawapeza amayi anga akuwotha moto m'khitchini, phala litazizira pambali osalikhudza. Sanandilonjere bwinobwino. Anangoti, "Ndiye mwana wa eni ake uja adzaberekanso? Mwadziwa amene watenga?"

Ndinagwira ntchito ya unamwino ndi uzamba m'zipatala zing'onozing'ono za ku Dedza ndi kuno ku Ntcheu mpaka kupuma, ndipo mafoni otere ndalandira ambiri, a ku Joni, ku UK, ku Ireland. Onse amaimba zinthu zitachitika kale. N'chifukwa chake ndikulembera inu amene muli kunjako, amayi oyembekezera pamodzi ndi amuna anu. Ndikudziwa kuti kwathu nkhani ya nsengwa si ya abambo, ndi ya ntchembere zokhazokha kuseri kwa nyumba. Koma kumene muliko kulibe apongozi, kulibe azakhali, ndipo nthawi zambiri mwamuna ndiye gadiyani yekhayo. Manyazi muwasiye pakhomo la chipatala.

Nsengwa, imene ena amati nsapo ndipo akuluakulu amangoti zotsalira, ndi chiwalo chimene chimamera m'chiberekero pamodzi ndi mwana. Chimamupatsa chakudya ndi mpweya kuchokera m'magazi a mayi, n'kumachotsa zoipa za m'thupi mwake. Ikatuluka imakhala yobulungira ngati kambale, yolemera pafupifupi theka la kilogalamu. Chingwe cha mchombo chimene chimailumikiza ndi mwana chimatalika masentimita 50 kapena 60, ndipo mkati mwake muli mitsempha itatu ya magazi. Mulibe mitsempha yomva ululu, choncho podula samva kuwawa mayi kapena mwana. Kuchipatala cha kunja mawu awiri oti muwagwire ndi awa: nsengwa amati placenta, chingwe cha mchombo amati umbilical cord.

Mwana akangobadwa ntchito sinathe. Mzamba adzakupemphani kuti akubayeni jakisoni wa oxytocin pantchafu. Jakisoniyu amalimbitsa chiberekero kuti nsengwa ituluke msanga ndiponso kuti musataye magazi ambiri. Kwathu kuno timabaya mayi aliyense, kunja m'maiko ena amakufunsani kaye ngati mukufuna. Ine malangizo anga ndi akuti vomerani, makamaka ngati kusikelo anakuuzani kuti magazi anu ndi ochepa, kapena ngati mimba ndi yachinayi, yachisanu. Ndaona ndi maso anga mayi amene anali kuseka ndi khanda lake, patangopita mphindi zochepa zitenje zonse zitanyowa. Akakubayani, nsengwa imayenera kutuluka pasanathe mphindi 30. Ikakanirira amapita nanu ku fiyeta kukaichotsa atakupatsani mankhwala oletsa ululu, ndipo izi sizitanthauza kuti wina wakuchitani chipongwe kumudzi. Pa opaleshoni adokotala amaichotsa okha mwana akangotuluka.

Musadabwe mukaona kuti sakudula mchombo nthawi yomweyo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kudikira mphindi imodzi mpaka zitatu, kuti magazi otsala mu nsengwa alowe mwa mwana, zimene zimamuteteza ku vuto la kuchepa kwa magazi m'miyezi yoyamba. Amadula msanga pokhapokha ngati mwana akufunika thandizo la kupuma. Abambo, kumeneko akhoza kukupatsani sizasi kuti mudule ndinu. Ngati mtima wanu sukulola, kapena kwanu n'zosayenera, kanani mwaulemu, palibe amene angakukakamizeni.

Kenako mzamba amaiyala nsengwa m'mbale yachitsulo n'kuitembenuza mbali zonse. Amaona ngati yatuluka yathunthu, chifukwa kachidutswa kotsalira m'kati ndiko kamadzabweretsa kutaya magazi ndi mafinya patapita masiku. Nthawi imeneyi ndi yanu yoti mufunse kuti, yatuluka yonse? Mukafuna kuiona, nenani, adzakuonetsani. Mukangokhala chete, nsengwa imaikidwa m'chidebe chotseka bwino n'kupita kokatenthedwa pamodzi ndi zina zochokera m'thupi la munthu. Umu ndi mmene zimakhalira ku South Africa, ku UK ndi maiko ena ambiri.

Apa ndi pamene mitima ya akuluakulu athu imadumpha, ndipo ine sindiwaseka. Amayi anga anachirira ana awo oyamba m'nyumba, pamphasa. Nsengwa inkakwiriridwa ndi ntchembere ziwiri kapena zitatu zodalirika, mwakachetechete, pamalo amene mlendo sangadziwe, ena m'nyumba momwemo, ena kuseri, ena kudzala. Ankaopa kuti munthu wa mtima woipa akaipeza akhoza kumutseka mayi kuti asadzaberekenso, kapena kumulodza mwana. Ena ankasamala ngakhale kagonekedwe kake m'dzenjemo. Kwa munthu amene anakula choncho, kumva kuti chinthu chimenechi chatengedwa ndi mlendo wosamudziwa dzina, kudziko la eni, n'chopweteka kwambiri.

Chimene ndinawauza amayi anga m'mawa uja, ndipo nanunso mukhoza kuwauza anu, ndi ichi. Ngakhale kuno kwathu zinasintha kale. Boma litaletsa azamba a m'midzi kubadwitsa mu 2007, amayi ambiri anayamba kuchirira kuchipatala, moti kafukufuku wa boma wa 2015 ndi 2016 anapeza kuti ana 91 pa 100 alionse ankabadwira kuchipatala. Kuseri kwa mawodi a amayi, kaya ndi pa Ntcheu boma, pa Dedza kapena ku Mua, nsengwa zimatayidwa m'malo ake otetezedwa, ndipo m'zipatala zimene ndinagwiramo ine linali dzenje lakuya lomangidwa ndi simenti, lokhala ndi chivindikiro. Ndinawawerengera zidzukulu zawo zimene zinabadwira kuchipatala, ndi ana amene amayi awo anaberekanso pambuyo pake. Anakhala kaye chete, kenako anakoka phala lija. Pa za umoyo, nsengwa ikatuluka ntchito yake yatha. Kutenthedwa kwake kapena kukwiriridwa kwake sikukhudza chiberekero cha mayi ngakhale pang'ono.

Komabe alipo mabanja amene mtima sungakhale pansi nsengwa isanalowe m'nthaka. Ngati lanu ndi lotero, n'zotheka, bola muyambe msanga. Mimba ikafika miyezi 7 imbani kumudzi, mufunse mbali zonse ziwiri, kuchikazi ndi kuchimuna, kuti mwambo wa kwanu umafuna chiyani kwenikweni. Mudzadabwa kuti ambiri amangofuna kachitsa ka mchombo kouma kaja, osati nsengwa yonse. Mukamvana, kauzeni mzamba kusikelo, ndipo alembe m'buku lanu kapena pa pepala lija amati birth plan. Tsiku lochira mukumbutsenso amene mwamupeza pa ntchito, chifukwa amene munakambirana naye akhoza kukhala ataweruka. Apa ndiye ntchito ya abambo. Mayi amene ali pa ululu sangakumbuke za chidebe.

Ku UK zipatala zambiri za boma, zimene amati za NHS, zimalola kutenga nsengwa kupita nayo kunyumba. Amakusainitsani fomu yosonyeza kuti mwamva za kasungidwe ndi katayidwe kake, ndipo nthawi zina amafuna mubwere ndi kontena yanu yotseka mwamphamvu. Ngati Chingerezi chikukuvutani, pemphani womasulira. Ku America zimatengera dera: Hawaii inakhazikitsa lamulo lolola zimenezi mu 2006, Oregon mu 2013, Texas mu 2015, ndipo kwina zili m'manja mwa chipatala. Ku South Africa ziwalo za munthu zimayang'aniridwa ndi lamulo la National Health Act la 2003, choncho funsani sisitala wamkulu wa wodi nthawi ikadalipo kuti ndondomeko ya chipatala chawo ndi yotani. Musaope kuti akuonani ngati achikale. Amaxhosa akafuna kudziwa kwanu amafunsa kumene kuli inkaba yanu, ndiye kuti mchombo wanu, monga mmene ife timanenera kuti kwathu ndi kumene kunagwa mchombo wanga. Ife Angoni a kwa Gomani makolo athu anachokera komweko, nkhaniyi kwa anamwino a kumeneko si yachilendo.

Pali nthawi zina pamene adzakukanizani, ndipo pamakhala chifukwa. Mwana akabadwa masiku asanakwane, akabadwa wochepa thupi kwambiri, akabadwa atamwalira, kapena mayi akatentha thupi pochira, nsengwa imatumizidwa ku labotale kuti akaone chimene chinavuta. Musalimbane nazo. Yankho lochokera kumeneko ndi limene lingapulumutse mimba yotsatira. Funsani ngati angadzakubwezereni akamaliza, koma dziwani kuti imakhala itanyikidwa m'mankhwala a formalin, amene ndi poizoni, osayenera kuwagwira ndi manja. Akhozanso kukana ngati mayi ali ndi matenda opatsirana kudzera m'magazi.

Mukapatsidwa, kumbukirani kuti ndi mnofu, ndipo umayamba kuwonongeka pakangopita maola ochepa. Isachedwe m'wodi. Wina apite nayo kunyumba tsiku lomwelo, ili m'mapepala apulasitiki awiri ndi m'kontena yotseka, aiike mufiriji kutali ndi zakudya, ndipo ikwiriridwe pasanathe masiku awiri kapena atatu. Ngati zitenga nthawi, iumitsidwe mufiriza. Inu amene mumakhala nyumba imodzi ndi anthu ena, firiji imodzi mabanja atatu, ganizani kawiri, chifukwa izi zikhoza kuyambitsa mkangano woopsa. Pokwirira dzenje likhale lakuya mita imodzi kuti agalu ndi nkhandwe zisafukule, kutali ndi chitsime kapena mtsinje, ndipo muichotse m'pulasitiki kuti iwole. Amene akugwira avale magolovesi. Nyumba ikakhala ya lendi, pemphani kaye kwa mwini wake. Kupaki kapena malo a boma musayerekeze: munthu akakuonani mukukumba usiku ndi kaphukusi ka magazi, apolisi afika musanafotokoze. Ena amene alibe bwalo amagula mphika waukulu wa maluwa, n'kuika nsengwa pansi, dothi lambiri pamwamba, n'kubzalapo kamtengo. Akasamuka amanyamula.

Chimene ndikukuletsani ndi mtima wonse ndi kuitumiza kumudzi. Basi yochokera ku Johannesburg imayenda masiku awiri kapena kuposa, kudutsa Beitbridge, kutentha kwa ku Tete, isanafike pa chipata cha Dedza kapena Mwanza. Palibe kontena imene ingapirire. Ndiponso chiwalo cha munthu sichidutsa malire a dziko ngati thumba la shuga, pamafunika zilolezo, ndipo mukhoza kumuika m'mavuto aakulu dalaivala kapena m'bale amene mwamupatsira asakudziwa.

Tsopano za kachitsa kotsala pamimba pa mwana, kamene amakamanga ndi kapulasitiki kothina. Apa ndipo ndikufuna mundimvetsetse, chifukwa nsengwa yotayidwa sinaphepo mwana, koma mchombo wosamalidwa molakwika wapha ambiri. Ndili pa ntchito ndinalandirapo makanda opakidwa phulusa, mwaye, ndowe, madzi ofinya ku maluwa a maungu, ngakhale zopala kumunsi. Onse opaka anali agogo achikondi ofuna kuti mchombo ugwe msanga mwana atuluke m'chikuta. Khanda limodzi silichoka m'maso mwanga. Linali la masiku 8, linasiya kuyamwa, kukamwa kutauma gwa, kathupi kakukokeka munthu akangoligwira. Anali kafumbata, wolowera pamchombo. Amayi ake anali mtsikana wamng'ono, ankangondiyang'ana.

Choncho wina akakutumizirani kaphukusi ka mankhwala opaka pamchombo, thokozani, koma musapake. Ngakhale mafuta odzola, paudala, mkaka wa m'mawere kapena malovu, ayi. Kwathu kuno zipatala zina zimapereka mankhwala a chlorhexidine opaka pamchombo, ndipo ndi abwino, koma kunjako ambiri adzakuuzani kuti mungousiya wouma ndi waukhondo. Tsatirani zimene akuuzani kumene mwachirira. Sambani m'manja musanaugwire. Thewera lipindeni kutsogolo kuti likhale m'munsi mwa mchombo, mpweya uzipita. Ukadetsedwa ndi mkodzo kapena chimbudzi, pukutani ndi madzi oyera n'kuumitsa bwino. Umasintha mtundu, kuchoka koyera kufika kwakuda, n'kugwa wokha pakati pa masiku 5 ndi 15. Osaukoka, ngakhale ukulendewera ndi kaulusi kamodzi.

Ambiri tinakula tikumva kuti mchombo ukagwera pamaliseche a mwana, makamaka wamwamuna, sadzabereka. Pa zachipatala palibe kugwirizana kulikonse, koma ndikudziwa kuti mayi wachisodzera amene ali yekha m'chipinda ku Dublin, apongozi akumuimbira m'mawa ndi madzulo, sagona nazo tulo. Kupinda thewera kuja kumathetsa zonse ziwiri: kumaumitsa mchombo, ndipo ukagwa umagwera pamimba kapena m'kamalaya. Musamange mimba ya mwana ndi nsalu yothina pofuna kuutchinga.

Thamangani kuchipatala tsiku lomwelo mukaona khungu lozungulira mchombo latupa, lafiira kapena likutentha, pakutuluka mafinya onunkha, magazi sakusiya, mwana wafooka, akukana bere, kapena thupi latentha kufika madigiri 38. Pa khungu lathu lakuda kufiira sikuoneka msanga, ndiye dalirani kutupa, fungo, ndi kulira kwa mwana mukakhudza pamalopo. Timadontho tochepa ta magazi tsiku limene wagwa si vuto. Mchombo wotuluka ngati kampira mwana akamalira nawonso ndi wofala kwambiri mwa ana athu, ndipo nthawi zambiri umabwerera wokha asanakwanitse zaka 4 kapena 5. Ndalama yachitsulo yomatira ndi pulasitala sithandiza, imangonyula khungu. Koma ukauma gwa, mwana akusanza ndi kulira kosatonthozeka, pitani msanga.

Mwina mudzaona mzamba akutenga magazi pachingwe cha mchombo, ndipo ife Amalawi nkhani ya magazi imatichititsa mantha. Funsani, adzakuuzani. Nthawi zambiri amafuna kudziwa mmene mwana anapezera mpweya pobadwa, kapena gulu la magazi ake ngati mayi ali wa Rhesus negative, kuti mayiyo alandire jakisoni wa anti-D pasanathe maola 72 poteteza mimba zam'tsogolo. Ku UK, m'zipatala zina, a nthambi yoona za magazi ya NHS Blood and Transplant kapena a bungwe lachifundo la Anthony Nolan akhoza kukupemphani kuti mupereke magazi otsala mu nsengwa. Amathandiza odwala khansa ya m'magazi ndi matenda ngati sickle cell, ndipo odwala akuda amavutika kupeza magazi ofanana nawo chifukwa opereka akuda ndi ochepa. Satenga popanda chilolezo chanu, ndipo simulipira. Makampani amene amakusungirani magaziwa pa ndalama ndi nkhani ina. Mtengo wake ndi waukulu ndipo mabanja ambiri sadzawagwiritsa ntchito. Pokhapokha ngati muli kale ndi mwana wodwala matenda a m'magazi, apo kambiranani ndi dokotala wake mimba ikadali yaing'ono.

Mudzamvanso za anthu oumitsa nsengwa n'kupanga makapisozi akumwa, ati kuti mkaka uchuluke. Bungwe lolimbana ndi matenda la CDC la ku America linachenjeza za izi mu 2017, khanda lina ku Oregon litadwala matenda oopsa a m'magazi mayi ake akumwa makapisozi otere. Zisiyeni.

Inu mayi, dziyang'anireninso nokha. Magazi a uchembere amatuluka mpaka masabata 6, akucheperachepera. Koma mukaona kuti padi ikudzaza pa ola limodzi, mukutuluka zibuluma zikuluzikulu, zotuluka zikununkha, m'mimba mukupweteka kwambiri, mukuzizidwa kapena kuchita chizungulire, mwina kachidutswa ka nsengwa kanatsala. Imbani 999 ku UK, 112 kapena 999 ku Ireland, 911 ku America, 112 pafoni ya m'manja kapena 10177 ku South Africa. Ndikudziwa chimene chimakugwirani miyendo ambiri a inu: mapepala. Malamulo aakulu a South Africa amanena kuti munthu asakanizidwe thandizo la mwadzidzidzi, ndipo mu 2023 khoti lalikulu ku Gauteng linatsimikiza kuti amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana osakwana zaka 6 alandire thandizo laulere m'zipatala za boma posayang'ana dziko lochokera. Ku UK bilu ikhoza kubwera pambuyo, koma thandizo la uchembere saloledwa kukukanizani chifukwa chosowa ndalama. Ndikudziwanso kuti pakhomo la chipatala nthawi zina mumalandiridwa ndi mawu opweteka. Pitani ndi mnzanu wolimba pakamwa, koma pitani.

Mchombo ukagwa, ngati kwanu akuufuna, uchotseni kapulasitiki kaja ngati kakadalipo, muusiye pamalo ouma masiku angapo mpaka uume ngati kachikuni. Muukulunge m'kansalu koyera n'kuika mu envelopu ya pepala. M'pulasitiki umachita nkhungu. Ukauma bwino suwonongeka, ukhoza kudikira chaka kapena ziwiri mpaka mutabwera nokha. Pa ulendo wa pandege funsani kaye kampani ya ndegeyo kapena ofesi ya kazembe wathu, ndipo pachipata akakufunsani nenani zoona. Zina zonse za kutuluka m'chikuta, kumeta tsitsi loyamba, kutchula dzina, mabanja ambiri tsopano amachita agogo akuonera pa WhatsApp. Mankhwala omwetsa khanda okha ndiwo ayi, mwana osakwana miyezi 6 ndi bere basi.

Mchombo wa mdzukulu wathu uja unabwera mu December, makolo ake atabwera ku Khirisimasi. Anatsika basi pa Lizulu ndi zikwama zawo, khanda lili kumbuyo litavala chipewa chaubweya. Madzulo ake, anthu atabalalika, mtengwa uja anagwada pafupi ndi amayi anga n'kutulutsa envelopu m'kachikwama kake. Amayi anaitsegula, anayang'ana kanthu kakuda kochepa ngati njere ya nyemba, anaikulunganso. Anaitana mtengwayo ndi achemwali anga, anatenga kakhasu kawo kakang'ono, n'kuzungulira kuseri kwa nkhokwe. Ife tonse tinatsala pakhonde, mwana ali pamiyendo panga akuyamwa chala.